Mphindi 5 pakhonde ndi mwana wanga

Abale anga a kuno kumudzi ndi inu a m'tauni, lero sindilemba za mtengo wa feteleza. Mundipirire, nkhaniyi ndi ya m'nyumba mwanga.

Ambiri mukudziwa kuti ndinakhala ku Joni zaka zinayi. Ndinasiya mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 2, ndinamupeza ali ndi zaka 6. Ndinamubweretsera mpira ndi nsapato, mumtima ndikuti adzandithamangira. Analandira mpirawo n'kukabisala kuseri kwa amayi ake. Mwezi wathunthu sanandiitanepo kuti ababa. Tsiku lina ndinamuuza katatu kuti atsekere nkhuku, iye kungondiyang'ana. Ndinathyola kamtengo n'kumukwapula. Kuyambira pamenepo akangomva mawu anga ndikuchokera kumunda, ankazemba kupita kwa agogo ake. Ndikuuzeni zoona, zinandipweteka kuposa njala imene ndinaiona ku Joni.

Mlongo wanga wa ku Lilongwe, amene amagwira ntchito yosamalira ana, atabwera kudzationa ndinamudandaulira kuti mwanayu ndi wamwano. Anati, "Achimwene, mwanayu sakukuderani. Sakukudziwani basi, ndipo chinthu choyamba chimene wadziwa cha inu ndi ndodo."

Kenako anandifotokozera za njira ina imene akatswiri a zamaganizo amathandizira makolo ndi ana. Pa Chingerezi amati Parent-Child Interaction Therapy. Anaiyambitsa mayi wina wa ku America, Sheila Eyberg, m'zaka za m'ma 1970, ndipo ndi ya ana a zaka 2 mpaka 7. Kumeneko kholo limasewera ndi mwana m'chipinda, mlangizi ali kuseri kwa galasi akuonerera, n'kumauza khololo zochita kudzera m'kachipangizo ka m'khutu. Chinandidabwitsa n'chakuti amene amaphunzitsidwa kwambiri ndi kholo. Ine ndinkafuna wina andikonzere mwana.

Galasi ndi kachipangizoko kuno tilibe, koma mlongo wanga anati pali ntchito imene makolowo amapatsidwa yokachita kunyumba, imene aliyense angayese. Mphindi 5 tsiku lililonse, mwana asankhe yekha sewero, iwe uzingotsatira. M'mphindi zimenezo osalamula, osafunsa mafunso, osadzudzula. Uzichita zimene akuchita, uzinena zimene ukuona akuchita, uzibwereza mawu ake kuti adziwe kuti wamva, ndipo ukamuyamikira uzitchula chimene wachita bwino.

Ndinaseka. Bambo wamkulu ngati ine kukhala pansi n'kumasewera ndi dothi? Komabe madzulo ake ndinamupeza pakhonde akuumba ng'ombe zadongo, ndinakhala chapatali pang'ono. Mawu oyamba kutuluka m'kamwa mwanga anali akuti, "Nyangazo zapindika." Anatola dongo lake n'kuchoka. Mawa lake ndinangoti, "Ukuumba chiyani?" Funso limenelo. Ndi pamene ndinazindikira kuti chibwerere, mawu anga onse kwa iye anali kutuma, kufunsa kapena kukonza. Ena ndinalibe.

Ndinapitiriza. Ndinkatenga dongo langa n'kumaumba naye. "Waiika linunda lalikulu." "Wandigawira dongo, zikomo." Poyamba ndinkadzimva ngati wopenga, ndipo amayi ake ankaseka ali kukhitchini. Sabata yachitatu anandikankhira dongo osandiyang'ana n'komwe, n'kunena kuti, "Ababa, inu umbani ngolo." Ndinaumba ngolo yokhotakhota, maso atadzaza misozi.

Ndikudziwa kuti ena mukuti izi n'zachizungu, tikulera ana osamva. Dikirani, njirayi ili ndi gawo lachiwiri, la mwambo. Kholo limaphunzira kulamula chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, momveka bwino komanso mosakuwa. M'malo moti "iwe bwanji sukumva?" umati "tseka chitseko cha khola". Akachita, umamuyamikira nthawi yomweyo. Akakana, pamakhala chotsatira chimene akuchidziwa kale, monga kukhala payekha mphindi zochepa, ndipo chimakhala chomwecho tsiku lililonse, kholo likhale lokwiya kapena losangalala. Koma gawoli limabwera pambuyo pa loyamba lija. Ine ndinayambira kumapeto, ndi ndodo pamwamba.

Ifenso tinakula ndi ndodo ndipo tinakula ndithu, sindikukana. Koma bambo anga anamwalira ndisanacheze nawo ngakhale tsiku limodzi. Ndinkawaopa, akamalowa ine ndinkatuluka. Nditaona mwana wanga akuchita chimodzimodzi ndi ine, ndinadziwa kumene zikupita.

Ine si mlangizi, ndipo chimene ndachita ndi kagawo kakang'ono chabe. Ngati mwana wasinthiratu, sakudya, sakugona, kapena mukukayikira kuti wina akumuchitira nkhanza, musadalire dongo. Pitani naye kuchipatala, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Pano mwanayu amakanabe zina, dzulo lomweli tinalimbana pa nkhani yosamba. Koma ndikamachokera kudimba amandichingamira n'kundilandira khasu, ngakhale limamulemera.

Inu anzanga amene mudakali ku Joni, mukamaimba foni musamangofunsa za magiredi ndi ndalama zimene munatumiza. Mupatseni mwana foniyo akuuzeni zake, inu muzingomvetsera. Ndipo amene mwabwerera ngati ine, yesani mphindi 5 zimenezi kwa mwezi umodzi, mudzandiuze pano mmene zayendera.