Akulu ndi Mdambo Mozimira Moto

Sabata yapitayi tinakachezera agogo ena a mumpingo mwathu amene akhala akudwala chifuwa kuyambira nyengo ya chisanu. Tinawapeza m'khitchini, mphika wa nyemba uli pamafuwa, utsi uli tolo moti pemphero tinalichita misozi ikutuluka. Titafunsa za mdzukulu wawo wamkazi, anatiuza kuti tsiku limenelo sanapite kusukulu chifukwa analawirira kunkhuni, ndipo nkhunizo masiku ano zili kutali. Agogowo anapitiriza kunena kuti pamene ankabwerera kuno nkhondo itatha mu 1992, nkhuni ankatola kuseri kwa nyumba, ndipo masuku ndi bowa ana ankabwera nazo m'malichero.

Mawu amenewa sanatichoke mumtima, chifukwa nafenso tili nawo mlandu. Makala amene amakwezedwa panjinga kupita ku Lichinga kapena kutsikira ku Metangula, ena mwa iwo timaotcha ndife akhristu, ndipo chopereka cha Lamulungu nthawi zina chimachokera komweko. Sitikulemba izi ngati oweruza. Tikudziwa kuti munthu amadula mtengo chifukwa pakhomo pakufunika sopo, mchere ndi makope a ana.

Komabe tiyenera kuona kumene njira imeneyi ikutifikitsa. Phiri likakhala lopanda mitengo, mvula yoyamba imakokolola nthaka yachonde n'kuitsitsira m'mitsinje monga Lunho, ndipo matope ake amakathera m'nyanja, m'malo osaya mmene chambo chimaswanirana. Kotero moto umene tayatsa kuno ku Maniamba mu Seputembala posaka mbewa umafika mpaka m'mbale ya m'bale wathu wa ku Messumba ndi ku Cóbuè. Mu 2011 boma la Mozambique linalengeza kuti mbali yathu ya nyanja ya Niassa ndi malo otetezedwa, koma lamulo lolembedwa ku Maputo silingazime moto wa kuseri kwa nkhokwe yathu. Wozimitsa ndi mwini khomo.

N'chifukwa chake tikupempha inu, amayi ndi abambo athu okalamba. Makolo anati akulu ndi mdambo mozimira moto. Mwana wobwera ndi nzeru za kusukulu akalankhula, pakhomo amamuseka. Koma agogo akanena kuti pano mapesi satenthedwa, palibe amene amagwira machesi. Ndiponso zambiri zimene tikupemphazi si zachilendo kwa inu. Ndinu amene munatiphunzitsa kuti mtengo wa msuku sadula, kuti m'mbali mwa mtsinje salima mpaka m'madzi, ndi kuti kumsika amapita ndi dengu.

Tiyambe ndi zapakhomo. Nyemba zikanyikidwa m'madzi usiku zimapsa msanga, ndipo mphika wovundikira umadya nkhuni zochepa. Mbaula youmba ndi dothi imasunga moto kuposa mafuwa atatu, imachepetsanso utsi umene ukuwononga zifuwa ndi maso a amayi athu. Ndipo ambiri a inu ndinu akatswiri oumba mbiya. Mukatha kuphika, zimitsani zikuni kuti zigwire ntchito mawa. Pofuna nkhuni, tidule nthambi, tsinde tilisiye liphukenso. Mapesi a chimanga ndi masangwe a nyemba tiwakwirire m'munda kuti awole, pakuti feteleza ndi wodula ndipo ambiri sitimukwanitsa. Majumbo a pulasitiki tisawataye pabwalo, mbuzi zikawameza zimafa. Mabatire akutha a tochi ndi wailesi asatayidwe pafupi ndi chitsime. Ukonde wa udzudzu umene tinalandira kuchipatala ukhale pamphasa pogona adzukulu. Ukapita kunyanja umakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, ndipo mwana amatsala akulumidwa ndi udzudzu.

Mwina wina anena kuti, "Ine ndakalamba, mtengo umene ndingadzale lero sindidzadya zipatso zake." Zoona. Koma mango amene tikudya lero m'midzi yathu anadzalidwa ndi anthu amene ali kumanda, ndipo sanatifunse ngati tidzawathokoza. Buku la Genesis limationetsa kuti ntchito yoyamba imene munthu anapatsidwa inali yosamala munda, ndipo sitipeza pamene pakunena kuti ntchitoyo imatha tsitsi likachita imvi.

Kunyumba ya abusa tayamba kuumba mbaula yathu, ndipo tafesa mbewu za mitengo m'majumbo akale kuseri kwa tchalitchi. Mvula ikayamba, banja lililonse lidzatenge mbande ziwiri. Agogo aja tawalonjeza kuti amayi a chigwirizano adzawaumbira mbaula mwezi uno usanathe, kuti mdzukulu wawo azipita kunkhuni kamodzi pa sabata, masiku enawo akhale m'kalasi. Ambuye atithandize kusunga lonjezo limeneli.