Mawu a Okalamba Pamene Matenda Akula

Pa chipatala cha St Joseph's ku Nguludi, matenda akafika povuta, wodwala amatumizidwa ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre. Kumeneko kuli chipinda cha odwala mwakayakaya, cha mabedi owerengeka ndi makina othandiza kupuma. Dokotala amalemba kalata, ana amathamanga kukasaka ndalama, koma agogo amene agona pamachira kawirikawiri safunsidwa kanthu.

Chikhalirecho okalamba ali nawo mawu. Ena amafunadi thandizo lonse kuti aonebe adzukulu. Ena amangopempha kukatsirizikira kwawo, wansembe atawadzoza mafuta, abale ali pambali. Aliponso okana mpweya chifukwa cha mantha chabe: anaona anzawo oikidwa timapaipi m'mphuno akumwalira, makamaka mu 2021 pamene COVID-19 inavuta, naganiza kuti mpweyawo ndiwo umapha. Oterowa ayenera kufotokozeredwa mofatsa. Koma agogo amene amvetsa zonse nakanabe, ana awo amavutika kuwalola, poopa kuti pamaliro anthu adzanong'onezana kuti anawataya. Motero ambulansi imanyamuka kulowera ku Limbe, eni moyowo ali chete.