Kaundula wathu ndi agogo

Wofuna kufufuza makolo a W.G. Grace, katswiri wakale wa cricket ku England, savutika. Kumeneko boma linayamba kulemba ana obadwa mu 1837, ndipo buku la masewerawa la Wisden limatuluka chaka chilichonse kuyambira 1864. Zoti Grace ndi abale ake awiri anasewera limodzi ndi timu ya Australia mu 1880 aliyense atha kuzipeza.

Kwathu kwa Kuntaja nkhani ndi ina. Ziphaso za unzika tinalembetsa mu 2017, koma dzina la bambo lomwe lili pachiphasopo silinena zambiri, poti ife mtundu timatsata kuchikazi. Kaundula wathu ndi agogo aakazi. Anga, ku Lirangwe, amatchula amayi a mibadwo isanu pamtima, ndi munda umene aliyense ankalima. Mlandu wa malo kapena wa ufumu ukabuka, bwalo limadalira anthu oterewa. Akatsikira kulichete, mdzukulu amaluza munda chifukwa chosowa womuikira umboni.

Choncho anzanga, holide ikubwerayi tipikisane. Tikhale atatuatatu, foni yojambulira mawu m'manja, gulu lililonse mbumba imodzi ku Chileka kapena ku Lirangwe. Opambana akhale amene afike mibadwo yakutali kwambiri, mwinimbumba atavomereza kuti mayinawo ngoona.