Za Galimoto ya Odwala M'matope a Dzinja

Abale athu a m'midzi, ife tonse okhala kutali ndi mseu wa phula tidziwa kuti dzinja likafika, ulendo wa ku chipatala utalika. Galimoto ya odwala ikatitimira pa dambo, ndife amene tithamangirako ndi makasu ndi nthambi, ndipo pamene tiri kukankha, mai wapakati ali kubuula m'katimo. Chifukwa chache tayesa kuti nkwabwino tidziwe chimene chichitika pansi pa galimotoyo.

Magalimoto okoka ndi magudumu onse anai si a lero ai. Land Rover inayamba m'chaka cha 1948, ndipo Land Cruiser ya Toyota inalandira dzina lache mu 1954. Koma angakhale amenewa atitimira, ndipo chifukwa chache ndi ichi. Pakati pa magudumu awiri pali chitsulo chimene amakaniko achitcha difu, cholola gudumu la kunja kuzungulira msanga koposa la m'kati pokhota. Pa mseu wouma chithandiza ndithu. Koma m'matope, gudumu limodzi likaterereka lizungulira lokha pachabe, linzache loponda polimba lingoti chete.

Opanga magalimoto anapeza njira, imene aitcha traction control. Pa gudumu liri lonse pali kachipangizo koyesa liwiro lache, komweko kamene kagwira nchito ndi mabuleki a ABS, amene kampani ya Bosch inatulutsa mu 1978. Kompyuta ya m'galimoto ikaona kuti gudumu limodzi lithamanga koposa anzache, iligwira ndi buleki, ndipo pamenepo mphamvu ifika kwa lija loponda polimba.

Tsono chimene makinawa afuna kwa woyendetsa ndicho kudekha, pakuti sayamba nchito kufikira gudumu litaterereka pang'ono. Woyendetsa wamantha, akamva kukukuta pansi pa galimoto naona kanyali kaphethira, achotsa phazi pa moto, ndipo galimoto iima pamene inali pafupi kutuluka. Waphuma aponda moto wonse, magudumu nakumba dzenje, galimoto nikhala ndi mimba pansi. Koma wanzeru aima asanafike pa matope, alowetsa magudumu onse anai, aika giya yaing'ono yolembedwa L4 kapena 4L, nayenda ndi moto umodzimodzi, osaonjeza, osachepetsa, kufikira ataoloka. Akulu anati, kuthamanga si kufika.

Pali malo ena pamene makinawa asanduka chopinga. Mu mchenga wakuya, kapena m'matope ofika m'maondo, galimoto ifuna liwiro pang'ono. Koma makina aja, poona magudumu aterereka, achepetsanso mphamvu ya injini. Chotero magalimoto ambiri ali ndi batani lozimitsira, ndipo buku la galimotoyo linena m'mene ligwirira nchito. Mu mchenga kuthandizanso kuphwetsa matayala pang'ono, kuti aponde potambalala, ndi kuwapopanso pofika pa mseu wolimba. Mabuleki akagwira nthawi yaitali atentha, ndipo ayenera kupumula. Ma Land Cruiser akale alibe makinawa: pa ena a iwo woyendetsa ayenera kutsika ndi kukhoma mahabu a magudumu a patsogolo asanalowe m'matope.

Nanga gawo lathu ndi lotani? Poyamba tileke kupfuula kuti "Pondani moto!" pakuti mau amenewa amiza magalimoto ambiri. Ife tidziwa dambo lathu koposa mlendo: mmodzi atsogole ndi ndodo, ayese kuya kwa matope, naonetse pamene pali polimba. Galimoto ikatitimira, tikumbe patsogolo pa magudumu ndi pansi pa mimba yache, tiyale nthambi ndi miyala, ndipo tikankhe pamene woyendetsa anena. Munthu asaime kumbuyo kwenikweni kwa gudumu, pakuti liponya miyala. Ndipo ana akhale kutali ndi chingwe chokokera, chifukwa chikaduka chipha. Mtsinje ukasefukira pa mseu, palibe makina ogwira pansi pamene madzi anyamula galimoto: tidikire aphwe, kapena tisonyeze njira yina.

Tichitenso ichi mvula isanayambe: tikwirire maenje, titsegule ngalande za m'mbali mwa mseu wathu, tithire miyala pa dambo. Sitidziwa kuti usiku umene galimotoyo idzaitanidwa, idzaima pa khomo la yani.