Kuphunzitsa Matenda a Pakhungu ndi Zithunzi za pa Kompyuta

Ntchito ya mmisiri wa mu labotale yoyeza minofu imayamba kachidutswa ka khungu kakafika m'kabotolo ka formalin, mankhwala oletsa mnofu kuwola. Kachidutswako amakachotsa madzi pokaviika mu alikoho, n'kukakwirira mu phula kuti kaume, kenako amakasenga ndi makina otchedwa microtome, amene lumo lake limatulutsa timapepala tochindikala pafupifupi mamaikuloni 4, ndipo maikuloni imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Khungu ndi lovuta kuposa minofu yambiri, chifukwa liyenera kuimikidwa chammbali mu phulamo kuti chikopa chapamwamba, mnofu wapansi pake ndi mafuta zioneke zosanjikizana. Likagonekedwa chafufumimba, dokotala amangoona gawo limodzi, ndipo palibe makina amene angakonze zimenezo pambuyo pake. Timapepalato amatiyandamitsa pa madzi ofunda kuti makwinya awongoke, amatitola ndi kagalasi, n'kutinyika mu utoto wa haematoxylin, umene umapaka pakati pa maselo mtundu wa buluu, ndi wa eosin, umene umafiiritsa zotsalazo.

Ku Lilongwe ntchitoyi inakhazikika mu 2011, pamene Unduna wa Zaumoyo ndi UNC Project-Malawi anatsegula labotale yotere pa chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, kumene Pulofesa George Liomba ankawerenga magalasi, ndipo kumeneko ndi kumene kumafika minofu ya odwala a ku Chinsapo, Kawale ndi madera ena ozungulira. Labotaleyo inalandira makina a Aperio, amene amajambula galasi lonse n'kulisandutsa chithunzi choti munthu angachikulitse pa kompyuta monga momwe amachitira pa maikulosikopu, motero madokotala a ku Lilongwe ndi a ku Chapel Hill, ku America, kumene kuli yunivesite ya UNC, ankakambirana galasi limodzi kudzera pa intaneti.

Phindu la zithunzi zimenezi pophunzitsa limaoneka bwino pa khansa ya Kaposi sarcoma, imene Moritz Kaposi anaifotokoza mu 1872, imene kachilombo kake, HHV-8, kanadziwika mu 1994, ndipo ili m'gulu la makhansa ofala kwambiri m'Malawi chifukwa cha HIV. Ikangoyamba kumene, khansayi siionetsa zambiri: timipata tosakhazikika tokhala ndi maselo ofiira a magazi pakati pa minofu, ndi maselo ochepa osongoka mbali zonse ziwiri. Wophunzira woyang'ana yekha pa maikulosikopu amazidumpha, pomwe pa chithunzi chachikulu mphunzitsi amaloza malo enieniwo gulu lonse likuona. Amathanso kuika pambali pake chithunzi cha bacillary angiomatosis, matenda oyambitsidwa ndi mabakiteriya, omwe amafanana ndi Kaposi pakhungu koma amachizika ndi maantibayotiki, kotero kuti kuwasokoneza kungachititse munthu kulandira mankhwala a khansa pachabe.

Chithunzi cha galasi chimaphunzitsa mokwanira chikatsagana ndi cha khungu la wodwalayo, chojambulidwa iye atavomera ndiponso chosaonetsa nkhope kapena dzina. Apa mabuku ambiri ochokera ku Ulaya amaperewera, popeza amati zigamba za Kaposi ndi zofiirira, pamene pa mwendo wa Mmalawi zimaoneka zakuda bii kapena zoderako pang'ono kuposa khungu lozungulira, nthawi zambiri mwendowo uli wotupa ndi wolimba ngati thabwa. Komanso mmisiri wosamala amasankha yekha magalasi oyenera kujambulidwa, ndipo lokhala ndi khwinya, fumbi kapena mzere wa lumo lobuntha amalibweza n'kukasenganso, pakuti wophunzira wachaka choyamba amatha kutenga mzere woterowo ngati chizindikiro cha matenda.