Mwana akatupa, tiyambe tayeza mkodzo

Kwathu ku Dedza mwana akatupa nkhope ndi miyendo, mlandu suchedwa. Akuluakulu amati ndi tsempho, maso onse n'kuloza makolo ake, makamaka mayi. Ine ndimaphunzira za chikhalidwe ndipo mwambo ndimaulemekeza, koma zimandiwawa kuona mayi akusenza mlandu wa impso.

Mu impso muli timasefa tosaoneka ndi maso. Monga sefa imatsitsa ufa n'kusunga misere, timasefati timatulutsa madzi ndi zoipa n'kusunga mapuloteni m'magazi. Chimodzi mwa zomangira zake ndi puloteni yotchedwa nephrin, imene gulu la Karl Tryggvason linaitulukira mu 1998 pofufuza ana a ku Finland obadwa ndi matenda otupikana. Nephrin ikawonongeka, mapuloteni amathawira mumkodzo, mkodzo umachita thovu, thupi n'kutupa. Ofufuza amagwiritsa ntchito ma antibody omwe amakamatirira pa nephrin, kuti aone pa maikulosikopu ngati sefayo yang'ambika.

Zida zimenezi n'zodula, sitingaziyembekezere msanga ku Linthipe kapena ku Mayani. Koma pali kapepala koviika mumkodzo kamene kamasonyeza puloteni m'mphindi zochepa. Kutupa kumabweranso chifukwa cha kusowa zakudya m'thupi, n'chifukwa chake kuyeza n'kofunika. Impso zikafooka kotheratu, makina a dialysis ali ku Kamuzu Central ndi ku Queens, ulendo wosayamba kwa mlimi wa kachewere.

Anzanga ophunzira, tikapita kumudzi patchuthi tikawauze agogo mwaulemu: mwana ayambe wapita kuchipatala kukayezedwa mkodzo, nkhani zinazo tikambirana akabwerako.