Ulendo wa ku Bwaila

Tinanyamuka kumudzi atalira tambala woyamba, ine, mayi a kunyumba, ndi mtsikana wina amene ndinamphunzitsa Sitandade 6 zaka zapitazo. Dzina lake sinditchula. Iyeyu anakwatiŵa asanatsirize sukulu, ndipo pa mimba yake yoyamba matenda anamgwira masiku atatu ali kumudzi. Pofika naye kuchipatala mwana anali atafa kale, ndipo kuyambira tsiku limenelo mkodzo unayamba kudontha wosaleka, usana ndi usiku. Mwamuna anapirira miyezi iŵiri, kenaka anati akukafuna ntchito ku Joni, mpaka lero. Kutchalitchi mtsikanayo analeka kubwera, ndipo pamaliro ankakhala kutali ndi mafuwa, pakuti panalibe wofuna nsima yophikidwa ndi iye.

M'minibasi anasankha mpando wakumbuyo, nayala pepala la pulasitiki pansi pa chitenje. Madzi anakana kumwa njira yonse, ngakhale dzuŵa linaŵala moopsa.

Chipatala cha Bwaila chili m'tauni yakale ya Lilongwe, pafupi ndi msika ndi depoti ya mabasi. Ife achikulire timachidziŵa ndi dzina lakale la Bottom. M'kati mwa mpanda wake muli nyumba yosamalira amayi odwala fistula, imene inatsegulidwa m'chaka cha 2012 mothandizidwa ndi bungwe la Freedom from Fistula. Bungweli analiyambitsa mu 2008 ndi Ann Gloag, mayi wa ku Scotland amene anali namwino asanalemere ndi kampani ya mabasi ya Stagecoach. Odwala salipira kanthu.

Namwino amene anatilandira anatifotokozera mosabisa mawu. Mwana akakanirira m'njira nthaŵi yaitali, mutu wake umapanikiza mnofu wa mayi ku fupa la m'chiuno. Magazi amaleka kuyenda pamenepo, mnofuwo umafa, ndipo pamatsala chiboo pakati pa chikhodzodzo ndi njira yotulukira mwana. Ndinaŵerama pomva zimenezi, aŵerengi anzanga, chifukwa ndinakumbukira kuti kwathu mayi akavutika pochira, anamkungwi amamuumiriza kuti atchule amuna amene anayenda nawo. Mtsikana wanga anafunsidwa funso lomwelo usiku wachiŵiri, pamene chofunika chinali galimoto. Ine ndinamva nkhaniyo masiku omwewo, koma ndinati n'zakuchikuta, sindinaloŵererepo.

Madokotala amasoka chiboocho, ndipo wodwala amakhala ndi kapaipi kotulutsira mkodzo pafupifupi masabata aŵiri kuti bala lipole. Ambiri amachira, ngakhale si onse pa opaleshoni yoyamba. Koma chimene chinandigwira mtima ndinachiona pakhonde. Amayi anakhala pamikeka, ena akusoka, ena akuphunzira kulemba maina awo, gogo wa imvi pambali pa kamtsikana kosakwana zaka 18. Ankamwa madzi ambiri, monga mwa lamulo la pamenepo, namasekana momasuka. Monga mphunzitsi sindinathe kudziletsa. Ndinagwira dzanja la gogoyo n'kumthandiza kukhotetsa chilembo cha S. Anandiuza kuti anakhala ndi nthendayo kuyambira nthaŵi ya Kamuzu, osadziŵa kuti imachizika.

Ndinafunsa namwino chifukwa chake chipatala chimataya nthaŵi ndi singano za malaya. Iye anati: "Bambo, ife tingatseke bala, koma mayi akabwerera kumudzi wopanda mwamuna, wopanda munda, wopanda ndi ya sopo yomwe, adzakwatiŵa ndi aliyense womlonjeza chakudya, n'kutenga mimba bala lisanalimbe." N'chifukwa chake ena potuluka ankapatsidwa makina osokera, ena kabokosi ka magetsi a dzuŵa kotchajira mafoni, ndipo onse ankalangizidwa kuti mimba yotsatira adzachirire kuchipatala mwa opaleshoni.

Mayi a kunyumba anakamtenga patapita mwezi. Pobwerera anakhala pampando wakutsogolo, kabokosi kali pamiyendo, pepala la pulasitiki atalisiya ku Lilongwe. Kumudzi kwathu magetsi kulibe, tsono amayi omwe aja ankamthaŵa amaima pakhomo pake m'maŵa uliwonse, mafoni ali m'manja. Sabata yatha ndinapita ndi yanga, ndipo nditafufuza m'thumba ndinapeza kuti ndaiŵala ndalama. Anagwada mwaulemu monga mwana wasukulu, nati: "Pepani aphunzitsi, pano ngongole palibe." Ndinabwerera kunyumba kukaitenga.